Thandizeni: makapisozi a antioxidant ndi chiwindi cha amuna anga

Amake Tadala, ku Mtendere, Lusaka:
Abale pa gulu, makamaka inu a zachipatala, ndipatseniko nzeru. Amuna anga ankamwa kwambiri, koma mowa anasiya mu Januwale. Mwezi watha anayezetsa magazi ku kiliniki, pepala likuti ALT, muyezo wa chiwindi, ndi 96, pomwe adokotala akuti isamapitirire 40. Anatiuza kuti tibwerenso pakatha miyezi itatu. Kenako mayi wina wa kumpingo anandigulitsa botolo la makapisozi a green tea pa K600, akuti muli ma antioxidant amene amadzutsa majini a m'chiwindi. Bambowa akumwa anayi m'mawa asanadye kanthu. Dzulo anangotema mbamu ziwiri n'kukankha mbale, akuti nseru, ndipo mkodzo wawo wada ngati tiyi wopanda mkaka. Tipitirize kapena tisiye? Usiku wonse sindinagone.

Anaphiri, Chawama:
Pepani mwanawe. Ine ndimawiritsa chammwamba, apatseni kapu m'mawa ndi madzulo.

A Tembo, ogwira ntchito ku labu:
Amayi Anaphiri, cholinga chanu n'chabwino, koma pakadali pano asawonjezere chilichonse. Amake Tadala, asiye makapisoziwo lero. Mawa m'mawa pitani nawo ku chipatala, botolo m'manja, osadikira miyezi itatu ija. Muwayang'ane m'maso pa kuwala kwa dzuwa. Ngati muli chikasu, pitani lero lomwe, kaya ndi ku chipatala cha UTH kaya cha Levy.

Za majinizo, wogulitsayo watola mbali imodzi ya zoona. Si majini a mizimu ayi, ndi malangizo a m'maselo athu. Chiwindi chimadzipangira chokha ma antioxidant, zinthu zoteteza maselo kuti asawonongeke, wamkulu wake ndi glutathione, pamodzi ndi ma enzyme monga catalase ndi superoxide dismutase. Poizoni akachuluka, puloteni yotchedwa Nrf2 imalowa pakati pa selo n'kuyatsa majini opanga zotetezazi. Ngozi ikachepa, ntchitoyo imatsikanso. Thupi limayeza lokha mlingo wake. Kuthiramo mankhwala ochuluka kuchokera m'botolo kuli ngati kukhuthulira feteleza patsinde pa chimanga chanthete: m'malo mokula chimapsa.

Tiyi wa m'kapu alibe vuto. Koma m'makapisozi muli EGCG, antioxidant wa mu green tea, wounjikidwa. Mu 2018 bungwe la ku Ulaya loona za zakudya, EFSA, linachenjeza kuti 800 mg pa tsiku kapena kuposa imakweza ma enzyme a chiwindi m'magazi, ndipo kumwa m'mimba mulibe kanthu kumawonjezera ngozi. ALT ikakwera sizitanthauza kuti chiwindi chadzuka. Ndi enzyme imene imatayikira m'magazi maselo akavulala.

Amake Tadala:
Zikomo achimwene. Ndayang'ana, m'maso muli poyera. Nanga Panado? Mutu ukawawa amamwa awiriawiri.

A Tembo:
Mukawauze adokotala zimenezo. Panado amadya glutathione wa m'chiwindi, n'chifukwa chake womwa mopyola muyezo amapatsidwa acetylcysteine, mankhwala obwezeretsa glutathione, ku chipatala. Wamkulu wathanzi sapitirira magalamu 4 pa tsiku, ndipo amene chiwindi chake chavulala kale amauzidwa mlingo wocheperapo. Mupemphenso kuti awayeze hepatitis B, nthenda ya chiwindi, ndi yofala kwathu kuno. Inunso muyezetse.

Amake Dalitso, ogulitsa masamba ku msika wa Soweto:
Asisi, K600 imeneyo ikanagula repu, kabichi, bondwe ndi chibwabwa za mwezi wathunthu. Nsinjiro zokha samalani nazo. Sankhani mtedza nokha, wachuku ndi wofota muzitaya, chifukwa chuku chimenecho chimawononga chiwindi. Ife timaona, wina amasinja ndi wowola womwe.

Amake Tadala:
Ndamva nonse. Botolo ndaika m'chikwama pamodzi ndi pepala la magazi, tinyamuka 06:00. Chimene chikundivuta tsopano ndi mayi uja, chifukwa amayi ena atatu a m'kwaya yathu agulanso. Ndiwauze bwanji popanda kuyambana naye?