Mawu a Chingerezi pansi pa sikirini pa BBC Alba: n'chifukwa chiyani sachoka?

Nachisale:
Akuluakulu, ndithandizeni pa nkhani ya ma TV a zilankhulo za Chiselti, makamaka S4C ya Chiwelishi, TG4 ya Chiairishi ndi BBC Alba ya Chigeliki cha ku Scotland. Pa S4C mawu olembedwa pansi pa sikirini amatheka kuwazimitsa, koma pa BBC Alba sachoka ngakhale udine batani kangati. Komanso pa intaneti mapulogalamu ena amatseguka, ena amakana ngati munthu uli kunja kwa dzikolo. Kodi ndi vuto la makina kapena anachita dala?

Gama_wa_mawaya:
Mayi Nachisale, rimoti yanu ilibe mlandu. Mawu a pansiwo alipo mitundu iwiri. Ena amatumizidwa paokha pambali pa chithunzi, ndipo dikoda kapena TV ndiyo imawaika pa sikirini mukaiuza. Amenewa ndi a S4C: mumasankha a Chingerezi, pa mapulogalamu ena a Chiwelishi, kapena kungowazimitsa. Ena amadindidwa m'chithunzi momwemo pulogalamu isanaulutsidwe, moti amakhala mbali ya chithunzicho ngati nkhope ya wosewera. Mapulogalamu ambiri ojambuliratu a BBC Alba amabwera motero, n'chifukwa chake batani siligwira.

Anachitadi dala. Kalembera wa 2011 anapeza anthu olankhula Chigeliki pafupifupi 57,000 okha, pamene wa 2021 ku Wales anapeza olankhula Chiwelishi 538,300. BBC Alba, imene inayamba pa 19 September 2008 mogwirizana pakati pa BBC ndi bungwe la zoulutsa m'Chigeliki la MG Alba la ku Stornoway, imayenera kukopa ndi osamva Chigeliki omwe kuti ndalama zimene boma la Scotland limaikamo zioneke phindu lake. Koma olankhula chilankhulocho amadandaula, ndipo ine ndili nawo. Diso limathamangira kuwerenga khutu lisanamve. Gogo wa ku chilumba cha Lewis ku Scotland akufotokoza za usodzi m'Chigeliki chokoma, mdzukulu wangoti maso dwii pa mizere iwiri ya Chingerezi, mawu a gogoyo angosanduka phokoso lakumbuyo.

Ngati mukufuna Chigeliki chopanda mawu a pansi, onerani nkhani za An Là, mpira woulutsidwa pompopompo, kapena mapulogalamu a ana.

Mbewe77:
Ndiyankheko la kutsekedwa kwa mapulogalamu. Seva imayang'ana adiresi ya IP ya intaneti yanu, n'kudziwa dziko limene muli. Chimene chimatseka si chilankhulo ayi, ndi chilolezo choonetsera. Wailesi imagula chilolezo cha dera lakutilakuti, kwa nthawi yakutiyakuti. Katuni yogulidwa kunja n'kuikidwa mawu a Chiairishi, mwini wake amakhala atagulitsanso m'mayiko ena, ndiye salola kuti ioneke kulikonse. Mpira ndi ragibi n'chimodzimodzi. Ngakhale nyimbo imodzi yokha yolira chapansipansi m'sewero ikhoza kutsekera pulogalamu yonse.

Pochita, yambani ndi TG4 Player. Zambiri zimene TG4 inalipira yokha kuti zipangidwe zimatseguka m'mayiko ambiri, monga sewero la Ros na Rún limene limajambulidwa ku An Spidéal ndipo lakhala likuonetsedwa pa wailesiyi chiyambire mu 1996, pamene inkatchedwa Teilifís na Gaeilge. Kenako S4C Clic: mumalembetsa ndi imelo, ndipo ena mwa mapulogalamu ake ndi ololedwa kunja. BBC Alba ndiyo yovuta, chifukwa imadalira BBC iPlayer imene ndi ya anthu a mu UK okhala ndi laisensi ya TV.

Gama_wa_mawaya:
Zoona achimwene. Ndiwonjezere kuti kusiyana kwa ma tchanelo atatuwa kumayambira pa ndalama ndi mbiri. S4C sinabwere ndi ulemu. Boma la UK la Margaret Thatcher litabweza lonjezo lake lotsegula tchanelo cha Chiwelishi, Gwynfor Evans wa chipani cha Plaid Cymru analengeza mu 1980 kuti adzanyanyala kudya mpaka kufa, boma n'kugonja. Inatsegulidwa pa 1 November 1982, ikusakaniza Chiwelishi ndi mapulogalamu a Chingerezi a Channel 4, mpaka 2010 pamene Wales inamaliza kusamukira ku dijito ndipo inakhala ya Chiwelishi chokhachokha. Lero ndalama zake zambiri zimachokera ku laisensi ya TV, ndipo BBC imaipatsanso maola pafupifupi 10 a mapulogalamu pa sabata, kuphatikizapo nkhani ndi sewero la Pobol y Cwm. TG4 imalandira ola limodzi pa tsiku kuchokera ku RTÉ, wailesi ya dziko la Ireland. BBC Alba imaulutsa maola ochepa, makamaka madzulo, ndipo kubwereza mapulogalamu kumachuluka chifukwa thumba ndi laling'ono.

NaBanda_K:
Pali njira ina imene a ku Wales anayesa m'malo modalira mawu a pansi: kujambula kawiri. Pa sewero la Y Gwyll la 2013, limene kunja limadziwika kuti Hinterland, osewera ankachita gawo m'Chiwelishi, kamera ndi magetsi zili pomwepo, n'kubwereza m'Chingerezi. Ubwino wake ndi wakuti wopanga amapeza wogula wachiwiri wothandiza kulipira. Kuipa kwake, masiku ojambula amachuluka, osewera onse ayenera kukhala odziwa bwino zilankhulo ziwirizo, ndipo ogula akunja nthawi zambiri amathamangira ya Chingereziyo, Chiwelishi n'kutsala kunyumba. Kwa ine zimenezi zimapweteka kuposa mawu odindidwa, chifukwa pa odindidwawo chilankhulo chimamvekabe.

Musaiwalenso Chibretoni ku France. TV Breizh inayamba mu 2000 ku Lorient ndi chiyembekezo chachikulu, koma poti inali ya malonda, pang'onopang'ono inasiya Chibretoni n'kudzaza nthawi ndi masewero a Chifalansa ndi a ku America. Zimene zilipo ndi mapulogalamu ochepa pa France 3 Bretagne, monga nkhani za An Taol Lagad, ndi Brezhoweb ya pa intaneti imene inayamba mu 2006. Chikonishi cha ku Cornwall ndi Chimankisi cha ku chilumba cha Man zilibe tchanelo chawochawo.

Nachisale:
Zikomo kwambiri nonse, zamveka. A Gama, funso lotsiriza: pa S4C Clic ndikasankha mawu a Chiwelishi osawapeza, ndiye kuti ndalakwitsa pena pake?

Gama_wa_mawaya:
Ayi mayi. Si pulogalamu iliyonse imakhala nawo. A Chingerezi amapezeka pa ambiri, a Chiwelishi pa ena okha, ndipo pa zoulutsidwa pompopompo mawu amachedwerapo pang'ono chifukwa amalembedwa nthawi yomweyo. Yesani masewero ojambuliratu ngati Rownd a Rownd.