Zowonjezera pa funso la asilikali a 1/7th Royal Scots

Pa funso lakuti n'chifukwa chiyani mabuku amasiyana potchula chiwerengero cha asilikali a 1/7th Royal Scots, gulu la asilikali a Britain lochokera ku Scotland, amene anafa asanafike ku Gallipoli, ku Turkey, kumene ankapita kukamenya nkhondo yoyamba ya padziko lonse, tsopano ndapeza yankho lake.

Gululi linali la anyamata a ku Leith, doko la mzinda wa Edinburgh, ndi madera oyandikana nawo. M'mawa wa pa 22 May 1915, theka la gululi linali m'sitima yapamtunda yochokera ku Larbert kupita ku Liverpool kukakwera sitima yapamadzi ya ku Gallipoli, ndipo itafika pa Quintinshill, pafupi ndi Gretna kumalire a Scotland ndi England, inawombana ndi sitima ina imene oyang'anira zizindikiro za panjanji anaiwala kuti yaima panjanjipo. Posakhalitsa sitima yothamanga yochokera ku London inagundanso zibenthuzo. Mabogi anali amatabwa ndipo ankaunikiridwa ndi gasi, choncho moto unabuka ndi kupsereza anthu ambiri moti matupi ena sanazindikirike. Mndandanda wa mayina a asilikali unapsera momwemo, n'chifukwa chake ziwerengero zimasiyana, ngakhale onse amavomereza kuti asilikali oposa 200 anafa.

Ambiri anaikidwa m'manda amodzi ku Rosebank Cemetery ku Edinburgh, kumene kuli chipilala chokhala ndi mayina awo. Chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti anzawo a m'theka linalo anapitirirabe ulendo, ndipo pa 28 June 1915 ambiri mwa iwo anaphedwa pa nkhondo ya ku Gully Ravine, ku Gallipoli. Mabanja a ku Leith analira maliro kawiri m'milungu yochepa chabe.