Opaleshoni ya kakolo: kuboola fupa kapena kutenga kachidutswa pa bondo?

Moni nonse pagulu pano. Ndikupempha nzeru, makamaka kwa inu amene munachitidwapo opaleshoni ya kakolo.

Ndine mmisiri womanga nyumba wa zaka 34, ndimakhala ku Area 25. Chaka chatha ndinagwa pa makwerero, phazi lakumanja n'kupindikira mkati. X-ray sinaonetse kuthyoka, ndiye ndinkangoti ndabinya basi, n'kumathowa ndi madzi otentha. Koma mpaka lero ndikaima tsiku lonse pamatupa, ululu wake ndi wa mkatikati, ndipo nthawi zina pamakhala ngati mwalowa kamwala.

Mwezi watha ndinajambulitsa MRI. Akuti chicherewecherewe cha pamwamba pa fupa lotchedwa talus, lomwe limakhala pakati pa msongolo ndi chidendene, chinabenthuka, ndipo fupa la pansi pake lawonongekanso. Balalo ndi la mamilimita 14. Adokotala anati chicherewecherewe chilibe mitsempha ya magazi, n'chifukwa chake sichipola chokha. Mafizo ndachita miyezi inayi, osasintha.

Anandiuza njira ziwiri. Yoyamba ndi microfracture: amalowetsa kakamera, kupala pomwe pawonongeka, kenako kuboola timabowo m'fupamo kuti magazi ndi mafuta a m'fupa atuluke n'kuphimba balalo. Koma chophimbacho sichilimba ngati chobadwa nacho, ndipo njirayi imathandiza kwambiri bala likakhala losafika mamilimita 15. Langa lili pamalire penipeni. Ine ndimasenza matumba a simenti a makilogalamu 50, kodi chidzapirira?

Yachiwiri, OATS, ndi imene ikundisowetsa tulo. Amatenga kachidutswa ka fupa ndi chicherewecherewe chake pa bondo n'kukakabzala pa kakolo. Kuti afike pa bala langali akuti angafunike kudula kafupa kotuluka ka mkati mwa kakolo, n'kukamanganso ndi masikuluwu. Abale anga, bondo langa ndi labwinobwino, silinandipwetekepo. Ndikalipereke dala?

Zogwirizitsa mafupa kuti kakolo asamapindikenso anangozitchula podutsa, ati sitinafike pamenepo.

Njira zonse ziwirizi akuti ndikhala pa ndodo osaponda pafupifupi masabata 6, ndipo kubwerera pa makwerero ndi nkhani ya miyezi. Ndili ndi ana atatu, nyumba ya lendi. Sindingakwanitse kuchitidwa opaleshoni kawiri.

Ndiye chonde, amene munabooledwa fupa, patha zaka zingati ndipo mukuyenda bwanji? Amene anakutengani kachidutswa pa bondo, bondolo likukuvutitsani? Komanso alipo akudziwa ngati ku LION, chipatala cha mafupa chomwe chili pa Kamuzu Central, amachita zonse ziwirizi? Ndikufuna kumvako maganizo a dokotala wina wa mafupa ndisanasaine chilichonse.

Kuwonjezera: zikomo amayi ndi abambo amene mwayankha kale. Amene mukuti ndikatemere mphini, ndinatemera kale kumudzi chaka chatha, zipsera ndili nazo. Achimwene amene mwati munachitidwa microfracture mutavulala pa mpira, chonde ndiuzeni kukula kwa bala lanu ndi ntchito yomwe mumagwira.