Intaneti yochedwa ija ku Senga Bay yatheka

Zikomo kwambiri nonse amene munandiyankha sabata yatha nditadandaula kuti intaneti ya fibre (yodzera m'kawaya ka galasi) yomwe anatiikira kuno ku Senga Bay ikuyenda ngati bilimankhwe.

Ndinatsatira malangizo a achimwene aja amene anati ndiyambe ndalumikiza laputopu ku rauta (kabokosi kogawa intaneti m'nyumba) ndi waya, kenako ndiyese liwiro. Pa waya intaneti inafika pa liwiro la 20 Mbps (ma megabit 20 pa sekondi) lomwe timalipira. Ndiye kuti vuto linali m'nyumba mwathu momwemu. Rauta inali pansi, kuseri kwa kabati, pafupi ndi firiji, chonsecho makoma athu ndi a njerwa zootcha, okhuthala. Ndaikhomera m'mwamba pakhoma la pabalaza. Rautayi imatulutsa Wi-Fi ya mitundu iwiri, 5 GHz ndi 2.4 GHz: mafoni a pabalazapo ali pa 5 GHz, koma kuzipinda tikugwiritsa ntchito 2.4 GHz chifukwa imadutsa makoma bwinoko.

Amayi amene munafotokoza za manambala, mwandithandiza zedi. Ndinkaona 2.5 MB/s (ma megabyte pa sekondi) pochita dawunilodi n'kumaganiza kuti akutibera, osadziwa kuti 20 Mbps ukaigawa ndi 8 imapereka 2.5 yomweyo, poti megabyte imodzi ndi ma megabit 8.

Posuntha rauta samalani ndi kawaya kopyapyala ka fibre kaja. Mkati mwake ndi galasi, mukakapinda kwambiri kamathyoka.