Apozi wa Bramley: maluwa mbwee, zipatso zowerengeka

Wofunsa:
Akuluakulu, mtengo wa apozi wa Bramley ukamachita maluwa ambiri koma n'kugwira zipatso zowerengeka, vuto limakhala chiyani? Nanga timadontho tabulauni tolowa m'kati mwa khungu la chipatso, ndi matenda?

Mlimi_wa_zipatso:
Yambani mwaona mitengo yoyandikana nawo. Bramley ali ndi ma chromosome (tizinthu ta m'maselo tonyamula chibadwa) 51 pomwe maapozi ambiri ali ndi 34, ndiye mungu wake ndi wopanda mphamvu. Sadzibereketsa yekha, sabereketsanso mnzake. Pamafunika mitundu ina iwiri yochita maluwa nthawi imodzi ndi iye, monga James Grieve ndi Discovery, kuti iwiriyo izibereketsana kwinaku njuchi zikutengera mungu wawo kwa Bramley. Mukabzala umodzi wokha, Bramley adzabereka koma mnzakeyo akhoza kutsala opanda kanthu.

Chachiwiri ndi kadulidwe. Mtundu umenewu umaberekera mbali ina kunsonga za nthambi. Mukamadula nsonga zonse chaka ndi chaka, mukutaya zipatso musanazione. Chotsani nthambi zouma, zopingasana ndi zolowera m'kati, zinazo zisiyeni.

Womezanitsa:
Timadonthoto si bowa ayi, musawononge mankhwala. Ndi bitter pit, vuto la kuchepa kwa kashiamu m'chipatso. Kawirikawiri m'dothi kashiamu amakhalamo, koma mtengo ukasowa madzi, kapena ukaphuka masamba ochuluka chifukwa cha nayitrojeni ndi kudulira kwambiri, masambawo amalanda kashiamu yense. Zipatso zikuluzikulu za pamtengo wobereka pang'ono ndizo zimagwidwa kwambiri, choncho mafunso anu awiriwa ndi nkhani imodzi. Mukadula chipatso chotere mupeza timinofu touma tabulauni pansi pa khungu, towawa mukalawa. Thirirani mosadumphitsa m'nyengo youma, phimbirani pansi koma osagunditsa kutsinde, chepetsani nayitrojeni. Zikapitirira, poperani calcium nitrate pazipatso masabata awiri aliwonse pamene zikukula.

Wosunga_mitundu:
Ndiwonjezere za kachulukitsidwe. Mtengo woyamba unamera ku njere zimene Mary Ann Brailsford anabzala ku Southwell, Nottinghamshire, m'dziko la England, mu 1809. Dzina linachokera kwa Matthew Bramley, amene anagula nyumba ya pamalo pamene panali mtengowo mu 1846, ndipo Henry Merryweather, wa nazale ya mitengo, anatengako nthambi zomezanitsa mu 1856. Bramley weniweni aliyense ndi wochokera ku mtengo umenewo kudzera mu kumezanitsa. Njere zake sizikupatsani Bramley.

Ndi mtengo wamphamvu zedi, ndiye pamalo ochepa mezanitsani pa tsinde la M9 kapena M26, mitundu ya matsinde omezerapo yochepetsa kukula kwa mtengo. Pa tsinde la mtundu wa MM106 umakula kwambiri ndipo umachedwerapo kubereka.

Musauweruze poudya wosaphika, ndi wowawasa kwabasi. Ndi apozi wophika: pamoto amasungunuka n'kukhala phala lofewa, kukoma kwake osazilala. Ku England amathyoledwa cha mu Okutobala ndipo pamalo ozizira amasungika mpaka Malichi. Zokhala ndi timadontho tija phikani msanga, chifukwa vutolo limakula zikasungidwa.