Ngolo ya tepi kapena ya laser pa shedi ya soya ku Dedza?

Woyang'anira shedi, Dedza: Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Pa shedi yathu timasuntha matumba a soya ndi nyemba a makilogalamu 50 kuchoka pa sikelo kupita kumakina opetera, ndipo eni ake akufuna kugula ngolo yodziyendera yokha, ija amati AGV. Talandira mitengo ya mitundu iwiri: ina imalondola tepi ya maginito yomatidwa pansi, ina imadziwa pamene ili poombetsa laser, komwe ndi kuwala koloza malo amodzi, pa timagalasi toikidwa m'zipupa ndi m'mizati. Ya laser ndi yodula kwambiri. Kodi ndalama yoonjezerayo ingatipindulire?

Injiniya wa zamagetsi, Ntcheu: Bambo, funso loyamba si mtengo ayi, koma ngati njira yanu imasintha. Ngati ngoloyo izingochoka pa sikelo, kukatula kumakina n'kubwerera, tepi ndi yokwanira, ndipo ikang'ambika mumadula powonongekapo n'kumata ina popanda kuitana katswiri. Ubwino wa laser ndi woti njira mumaisintha pa kompyuta, koma ngoloyo imayenera kuona timagalasi tosachepera titatu nthawi zonse. Ganizirani nyengo yogula mbewu, pamene anyamata amasanja matumba mpaka pafupi ndi denga: akangotchinga timagalasito, ngolo yaima pomwepo ndi katundu wake.

Makaniko wa mafokolifiti, Dedza: Ndikugwirizana ndi a injiniya, koma pansi panu pali bwanji? Matayala a ngolozi ndi aang'ono, ndipo paleti (thabwa losanjapo katundu) ya matumba 20 ndi tani yathunthu, choncho mng'alu umene fokolifiti imadutsa osaumva ukhoza kuiimitsa kapena kupendamitsa katundu. Komanso fokolifiti ikamakhotera pamwamba pa tepi imaimatula. Pamphambano zotere ndi bwino kucheka kangalande m'simenti, kuikamo maginito n'kutseka pamwamba. Za fumbi musaganize kuti mwapulumuka posankha tepi, pakuti ngolo ya tepi nayonso kawirikawiri imakhala ndi sensa ya laser kutsogolo yoimitsa ngolo ikaona munthu. Fumbi la soya likaphimba galasi lake, iziima ngakhale panjira palibe kanthu.

Woona zogula katundu, Ntcheu: Ine ndingoonjezera za masipeya. Afunseni ogulitsawo ngati ali ndi katswiri ku Lilongwe kapena ku Blantyre, chifukwa sensa yoitanitsa ku Johannesburg imafuna ndalama zakunja, zomwe masiku ano kuzipeza n'kovuta. Pa mgwirizano alembepo kuti matayala, tepi yapadera ndi sensa imodzi zibwerere limodzi ndi ngoloyo. Batire likhale la lithium, loti lizitchajidwa pang'onopang'ono ngolo ikaima, ndipo chaja mukachilumikize ku sola kapena ku jenereta.

Woyang'anira shedi, Dedza: Zikomo mayi, ndi inu nonse. Njira yathu ndi imodzi yokha, ndiye ndikauza eni ake kuti titenge ya tepi, koma tiyambe takonza simenti ya pakhomo lolowera, pomwe pali ming'alu yambiri. A makaniko, kodi kangalandeko mungadzakacheke ndinu simenti ikauma?