Njira ya ngolo kapena mjigo?

Wapampando: Abale a kwa Njewa, ndalama za chaka chino zasonkhana. Maganizo alipo awiri: kukumba mjigo wachiwiri, kapena kutsegulanso njira ya ngolo ya kuseri kwa tchalitchi kuti ikatulukire ku msewu wa Mchinji, ndi kalavati pakhwawa paja. Lankhulani.

Msungichuma: Ine mjigo. Amayi akulawirira 4 koloko kukaima pamzere. Msewu ndi wa agalimoto, ndipo kwathu agalimoto ndi angati?

Mlembi: Amayi, madzi sindikukana. Koma munaliko pa maliro a malume anga m'dzinja lapitali. Galimoto inalowa kanjira kena, kutsogolo mpanda wa njerwa. Kubwerera, kwinanso mpanda. Bokosi tinalisenza pamapewa m'matope, azimayi akuimba akuterereka. Pamene tinkadutsa ndi ngolo tili ana, lero pali geti lachitsulo ndi agalu. Aliyense wogula puloti akumanga mpaka m'malire, osasiya ngakhale podutsa wilibala.

Aphunzitsi opuma: Ana anga, ine Lilongwe ndinamuona ali katauni ka anthu pafupifupi 19,000 mu 1966. Likulu litachoka ku Zomba mu 1975, mzinda unamangidwa motayana: Old Town uko, City Centre uko, Kanengo kumpoto, pakati tchire, zonse zodalira M1. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318. Ambiri mwa amenewa sanapite ku ma Area oyezedwa aja ayi. Pitani ku Mtandire, ku Chinsapo, kwa Kauma mukaone: nyumba zinayamba, msewu n'kumafunidwa pambuyo. Lero kuti utsegule njira kumeneko uyenera kugwetsa nyumba ya munthu. Kwathu sizinafike pamenepo, chifukwa mbali ina ya njirayo akadali minda ya chimanga. Koma mvula ziwiri zokha, idzakhala maziko okhaokha.

Msungichuma: Zamveka aphunzitsi. Nanga eni mipanda iwiri yatseka kale ija? Chipukuta misozi chidzadya thumba lonse, mjigo osauona, msewu osauona.

Achimwene a ku Joni: Osagwetsa kanthu. Njira ikhote pang'ono, idutse m'munda wa mayi anga. Ndalankhula nawo usiku, avomera mamita 6 ulere. Akuti atopa kulipira kabaza mtengo wowirikiza chifukwa chozungulira.

Msungichuma: Mayi anu Mulungu awadalitse. Komabe ndikupempha zilembedwe kuti ndalama za chaka chamawa ndi za mjigo, popanda kukambirananso. Ndikapita kumudzi amene amandifunsa ndi azimayi, osati inu.

Mlembi: Ndalemba, amayi.

Wapampando: Loweruka 8 koloko tikumane kwa amfumu, kuti aliyense wogula malo m'mbali mwa njirayo aziuzidwa malire asanakumbe maziko. Tikakhome zikhomo mbali zonse ziwiri, kalata ipite kukhonsolo yopempha giledala. Amene ali ndi tepi yoyezera abwere nayo, ya ine inaduka.